Lilime lilibe fupa, koma lili ndi kwawo

Palibe munthu wa khutu lakuthwa kuposa wamalonda. Inu amene mumakhala pa benchi mu msika wa Limbe, wa Ndirande, wa Lilongwe kapena wa Mzuzu, mumadziwa kwawo kwa kasitomala asanapise ndi m'thumba momwe. Akangoti "sikomo" mwadziwa kale kuti awa ndi achimwene a ku Mangochi kapena Machinga. Akati "wana wanga" ndi "wanthu", mwati awa atsika basi ya ku Kasungu kapena Dowa. Ife a kuno kummwera timameza zilembo, tsiku timati "siku", dzina timati "zina", pamene wa kumpoto zinthu amati "vinthu". Ndipo tisanamizane abale anga, kwa ena mwa inu mtengo wa mulu wa tomato umakwera kapena kutsika malinga ndi zimene khutu lamva.

Tsono khutu ngati lanulo lilinso kutsidya kwa malire, ndipo kumeneko woyezedwa ndinu. Msewu wochokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg ndi wa makilomita oposa 1,500, umakhudza maiko anayi ndi maboda atatu, ndipo basi imatha masiku awiri ngati pa boda sipanavute. Ndauyenda msewu umenewu pamodzi ndi amayi ndi abambo okaoda katundu, koma ine yanga inali yotchera khutu basi: kumva m'mene pakamwa pa Mmalawi pamasinthira akachoka kwawo, komanso zimene zimakanirira osachoka ngakhale atakhala kwa eni zaka 50.

Pa Wenela

Dzina la depoti ya Wenela palokha ndi mbiri ya maulendo. Ndi chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba azigogo athu ntchito ya m'migodi ya golide. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela imene inanyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa zolemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe kumudzi timati Theba, mpaka inatsekeka mu 1988 pa mkangano wa zoyeza anthu kachilombo ka Edzi.

Amuna amenewo ankabwera ndi njinga, wailesi, majekete ndi mabulangete. Njingazo zinachita dzimbiri kalekale, koma katundu amene anabwera naye pakamwa adakalipo. Mumgodi munkakumana Mshangani, Msotho, Mxhosa ndi Mnyasa, ndipo kuti amvane ndi kapitao ankayankhula Fanakalo, chimene ena amati Chilapalapa. Mawu ngati "basopu", "fotseki" ndi "maningi" analowa m'midzi mwathu kudzera kwa amuna a maulendo amenewa. Lero mwana wa ku Thyolo akuthamangitsa galu ndi liwu la Mabunu iye osadziwa.

Basi ikamanyamuka aliyense amayankhula Chichewa chosalala. Koma yang'anitsitsani anyamata a zipewa ndi zikwama zopepuka, amene anabwera ku holide kapena ku maliro ndipo akubwerera ku ntchito. Pa Lunzu ndi pa Zalewa akugula chimanga chootcha pa windo, kunenerera mtengo ngati sanachokepo. Asungeni m'khutu, tikumana nawo kutsogolo.

Tete, Chichewa chothira Chipwitikizi

Mukadinditsa pa Mwanza n'kulowa pa Zobue simumva chilendo msanga. Osintha ndalama ndi ana ogulitsa madzi amakuyankhulani Chichewa chomveka bwino, kungoti manambala amakonda kutchula m'Chipwitikizi, ndipo minibasi amati "chapa". Malire amenewa anawalemba ndi azungu, anadula pakati pa anthu amodzi. Komanso musaiwale kuti pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira kuno kwathu. Ana amene anakulira m'misasa ndi m'midzi ya ku Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Nsanje anabwerera kwawo ndi kayankhulidwe ka anzawo amene ankasewera nawo mpira wachikulunga. Lero ndi abambo ndi amayi a zaka za m'ma 40, ndipo mukamva wina pa Zobue akuti "zikomo kwambiri achimwene" ngati wa ku Neno, mwina ndi mmodzi wa iwo. Anakhala kuno zaka zochepa chabe, koma zinali zaka za ubwana, pamene lilime limakhala ngati dongo lonyowa la mbiya: chimene mwadindapo limauma nacho.

Kupitirira Moatize, kwa malasha, mumatsikira mu ng'anjo ya Tete pa mtsinje wa Zambezi. Kuno chiyankhulo cha eni ndi Chinyungwe, mbale wake wa Chisena. Wa ku Nsanje amene ku Lilongwe amamuseka kaamba ka kayankhulidwe kake, pano ndiye mfumu. Akangoti "Muli tani?" mtengo wa nsomba watsika, ife ena tikungogwira liwu apa ndi apo. Koma tisanyade, poti Chipwitikizi tili nacho kale m'kamwa. Nsapato, mbatata, kalata, kapitao ndi kachasu, onsewa ndi mawu amene anabwera ndi Apwitikizi a m'Zambezi yemweyu, ndipo tinawasula mpaka kuoneka ngati athuathu.

Harare, kumene l amasanduka r

Pa Cuchamano mwatuluka Mozambique, pa Nyamapanda mwalowa Zimbabwe, kenaka Mutoko, Murehwa mpaka Harare. Apa ndiye lilime la Mmalawi limagwidwa poyera. Chishona chilibe "l", chili ndi "r" wogubuduza ngati injini ya chigayo, pamene ife timati Halale, ndipo tiyesetse bwanji timabwerera ku Halale komweko. Palinso mawu oimba likhweru monga "zvakanaka", amene ife timangoti "zakanaka", eni ake n'kumwetulira.

Wamalonda achenjere ndi liwu limodzi ili. Mu msika wa Mbare mayi akakuuzani kuti "tengai", sakukupatsani ulele ayi. M'Chishona kutenga ndiko kugula. Mukanyamula n'kumapita mukuthokoza, mumva mfuwu wa "mbavha" kumbuyo kwanu, ndipo liwu limenelo silifuna womasulira.

Ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, m'mafamu ndi m'migodi ya Zimbabwe muli anthu ambirimbiri a magazi a kuno. Makolo awo ena anayenda pansi, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe ndi mkati mwake momwe. Eni dziko anawatcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, kapena Manyasarande.

Pa shedi ina ya masamba ndinacheza ndi agogo aamuna amene anachoka ku Mulanje ndalama ya kwacha isanabwere mu 1971. Atamva kuti ndine wa kumudzi anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

"Waswera bwanji mwanawe? Nanga kumudzi mvula ikugwa?"

"Taswera bwino agogo, kaya inu. Mvula ikugwa ndithu."

Chichewa chawo chinali ngati ndalama yakale yosungidwa m'chitini. Blantyre ankati Kabula, chiyankhulo ankati Chinyanja, mitengo ya zinthu za kumudzi ankaikumbukira m'mashereni. Chishona amachidziwa chonse, koma akangotsegula pakamwa aliyense pa shedipo amadziwa kuti awa ndi achimwene. Zaka zoposa 50 zalephera kuchotsa "l" m'kamwa mwawo.

Mwana wawo wamkazi, amene ndiye mwini shedi, anandilonjera kuti "Muri bwanji?" Chichewa amamva chonse ndipo amayankha, koma chimatuluka ndi nyimbo ya Chishona. Mdzukulu, mnyamata wa msinkhu wanga, anangoseka mwamanyazi poti iye amangomva pang'ono. Banja limodzi, benchi imodzi, malilime atatu. Woimba wotchuka Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968 m'banja la magazi a kuno, ali m'gulu la pakatilo. Tcherani khutu akamaponya Chichewa m'nyimbo zake za sungura, mumva Malawi ndi Zimbabwe m'liwu limodzi.

Nkhaniyi si yoseketsa yokha ayi. Mu 2001 boma la Zimbabwe linakhwimitsa lamulo la unzika, ndipo anthu ambiri obadwira komweko kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota, mpaka malamulo atsopano a dzikolo a 2013 anatsegula njira yowabwezera unzika. Ena amene anachotsedwa m'mafamu kuyambira 2000 anayesa kubwera kuno, kumudzi kumene anali asanakuonepo. Atafika, abale awo atamva "r" uja anayamba kuwatcha a ku Halale. Uko Mabhurandaya, kuno a ku Halale. Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma awa mapangawo sanasankhe okha.

Kuoloka Limpopo

Kuchoka Harare basi imadutsa Masvingo n'kukafika pa Beitbridge, pa mtsinje wa Limpopo, pamene mzere wake umatha kukudyerani theka la tsiku. Apa ndi pamene anyamata a pa Lunzu aja amasintha ngati bilimankhwe. Foni ikangogwira netiweki ya ku Musina mumva "eish", "yebo", "mara", "sharp sharp", ndi "neh" kumapeto kwa chiganizo chilichonse. Nsima yasanduka "pap", minibasi yasanduka tekisi. Musafulumire kunena kuti ndi matama. Akuvala yunifolomu ya ku ntchito, monga m'mene inu mumamangira epuloni mukafika pa benchi.

Ku Johannesburg Amalawi mungawapeze ku Mayfair ndi Fordsburg, kumene abale athu achisilamu amakonda kaamba ka mizikiti ndi ntchito za m'masitolo, komanso ku Yeoville, Rosettenville, Alexandra ndi Diepsloot. Okaoda katundu amazungulira ku Oriental Plaza, Dragon City ndi mu Small Street. Kumenekonso kuli msampha wa mawu. M'Chizulu kugula amati "thenga", pamene "gula" ndi kudwala. Ndiye mukaima pa kauntala n'kumalimbikira kuti mukugula, musadabwe akakulozerani njira ya ku chipatala. Funso loti muloweze musanatsike basi ndi "malini?", kutanthauza ndalama zingati.

Mawu oterewa munthu amawatola mu sabata imodzi. Chovuta ndi mamvekedwe. Chizulu ndi Chixhosa zili ndi zilembo zothetheka, c, q ndi x, zimene lilime limachita kuomba m'kamwa. Mwana wa Mmalawi wobadwira ku Alexandra amaziomba akusewera, osaganizira n'komwe. Bambo wake amene anafika ndevu zitamera kale amangoika "k" kapena "ch" pamalopo mpaka imvi. Chifukwa chake mayi aliyense akuchidziwa. Mwana amatengera kayankhulidwe ka anzake osewera nawo kuposa ka makolo ake, ndipo munthu akatha msinkhu lilime limatha kuphunzira mawu atsopano koma nyimbo yake imakhala ya kumene linakulira. Choyamba kusintha ndi mayina a zinthu, kenaka timawu todzazira ngati "neh", ndipo chomaliza, ngati chingasinthe n'komwe, ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Munthu akapsa mtima, akamawerenga ndalama, akamapemphera kapena akalandira uthenga wa maliro, cha kwawo chimatuluka chokha osachiitana.

Ku Joni nkhani ya lilime inafika pa moyo ndi imfa. Dzina lonyoza la "makwerekwere" akuti linachokera pa m'mene ziyankhulo za alendo zimamvekera m'makutu mwa eni dziko. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira m'madera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Magulu a anthu olusa ankaimitsa munthu n'kumulozera chigongono kuti achitchule m'Chizulu. Liwu lake ndi "indololwane", loti ngakhale eni dziko a mitundu ina salidziwa, ndipo wolephera ankaona zakuda. Mwa ophedwawo, 21 anali nzika za South Africa momwemo. Mu April 2015 zinabukanso ku Durban mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. N'chifukwa chake mu tekisi ya ku Joni Amalawi awiri amatha kukhala mpando umodzi osayankhulana, foni ya kumudzi ikalira n'kuidula kudikira kuti atsike kaye. Kwa eni kulibe mkuwe.

Koma pitani Lamulungu kumene Amalawi amapemphera, Lachisanu pa mzikiti, kapena pamene matransipota amapakira katundu wopita kumudzi. Yunifolomu ija yavulidwa. Mumva Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi Chitonga ngati muli pa depoti ya Limbe, anthu akulimbirana usipa, ufa woyera ndi Sobo zobwera ndi basi. Azigogo a Theba ankadikira kalata miyezi, pamene mnyamata wa lero mawu a mayi ake amamufika m'khutu pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, choncho lilime lake silichita dzimbiri msanga.

Angoni ndi Kamuzu

Msewu umenewu anthu anauyenda kale chobwera kuno. Angoni a Zwangendaba anachoka kummwera komweko n'kuoloka Zambezi mu 1835, ndipo a Maseko anadzera njira yawo mpaka kukhazikika ku Ntcheu ndi Dedza. Anabwera ndi chiyankhulo chapachibale ndi Chizulu, koma anakwatira akazi a mitundu imene anaipeza, ndipo ana anakulira pakati pa amayi ndi anzawo oyankhula Chichewa ndi Chitumbuka. Lero Chingoni chatsalira makamaka m'nyimbo za ingoma, m'mayina ngati Jere ndi Maseko, ndi m'mayina a malo ngati Ekwendeni ndi Embangweni. Mdzukulu wa Mngoni wa ku Mzimba akafika ku Joni amatchedwa mlendo ndi anthu amene makolo awo ankamvana ndi makolo ake popanda womasulira.

Naye Kamuzu analowera kummwera ali mnyamata, kudzera ku Rhodesia mpaka ku migodi ya Johannesburg, kenaka America, Britain ndi Ghana. Atabwera pa 6 July 1958, patapita zaka zoposa 40, pa misonkhano ankayankhula Chingerezi, omasulira ngati John Msonthi ndipo kenaka John Tembo ali pambali. Koma khutu lake linatsalira ku Kasungu. Akuluakulu amakumbukira m'mene ankawongolera womasulira akaphonya liwu, ndipo Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, chimene iye ankati ndicho chenicheni chinali chimene anachisiya ali mnyamata. Sizikusiyana ndi agogo a ku Mbare aja ndi Kabula wawo.

Pobwerera

Ulendo wobwerera basi imalemera ndi mafiriji, matilesi, mabelo ndi zigubu za mafuta ophikira, koma lilime limatsitsa katundu pang'onopang'ono. "Eish" wambiri amatsikira pa Beitbridge, wotsala pa Nyamapanda, ndipo pofika pa Mwanza munthu yemwe uja akukangana ndi wa kabaza m'Chichewa cha ku Ndirande. Alipo ena amene amakakamira "neh" mpaka kumudzi kuti anthu adziwe kuti anaoloka Limpopo, chikhalirecho anakhalako miyezi itatu yokha. Amenewo asekeni pang'ono, sizipweteka. Marandi akatha m'thumba "neh" nayenso amatha.

Koma pali ena oti tisawaseke. Mwana wobadwira ku Diepsloot amene abwera naye kudzaona manda a agogo ake. Mayi wa ku Mufakose amene akufunafuna mudzi wa bambo ake atanyamula dzina la mfumu lokha pa kapepala. Mkulu amene anatchona zaka 30 ndipo wabwera ndi chikwama chimodzi. Akafika pa benchi panu n'kufunsa mtengo ndi lilime lokhota, mulu usakwere ayi. Mawa ndinu amene mudzaime ku Mbare kapena ku Small Street, khutu la eni likukuyezani.

Ndipo inu amene muli ndi ana kunja, kapena mukuganiza zotenga banja, dziwani kuti chiyankhulo cha kumeneko ana adzachitola okha pa msewu ndi ku sukulu. Chimene chimafuna khama ndi cha kumudzi. Ayankhuleni m'nyumba, apatseni foni acheze ndi agogo awo, ndalama zikapezeka atumizeni pa holide akadye nsima ya mgaiwa. Mamvekedwe adzakhala a kumene akulira, zimenezo zisakudandaulitseni. Bola tsiku la maliro kapena la mlandu wa munda adzathe kuima pamaso pa amfumu ndi amalume awo n'kunena okha kuti iwo ndi ndani, mwana wa yani, popanda kufuna womasulira.